Zitsulo Zonyamula Anthu: Osula ndi Owotcherera a ku Mchinji

Pikapu ikamatuluka m'fakitale ku Japan kapena ku South Africa, kumbuyo kwake kumakhala bodi yokha, yaifupi, yosafika n'komwe m'chiuno mwa munthu wamkulu. Koma ikangolowa ntchito ya matola pa msewu wochoka pa Kamwendo kupita ku Kapiri, kapena wochoka pa Boma kulowera kwa Mkanda, imamera zitsulo. Mapaipi angapo amakwera m'mbali, ena amapingasa pamwamba, kumbuyo amaikako popondera. Pa zitsulo zimenezo ndi pamene amamangirira matumba a mtedza ndi madengu a tomato, ndi pomwenso amagwira anthu oimirira galimoto ikamadzandira m'maenje a m'dzinja.

Zitsulozo sizichokera kwa Toyota kapena Isuzu. Amazipanga ndi munthu wa pa msika pomwepo, pansi pa kashedi ka malata, pogwiritsa ntchito mashini owotcherera amene mwina anachita kukulunga yekha ndi waya wa kopa. Satsatira chojambula chilichonse, ndipo akamaliza sipabwera munthu wodzayesa ngati zalimba. Komabe tsiku ndi tsiku miyoyo ya anthu ambirimbiri m'boma la Mchinji imadalira msoko wa mmisiri ameneyu. Ntchito yake ndi yachilendo m'midzi muno, koma mpando umene wakhalapo ndi wakale kwambiri. Ndi mpando wa wosula.

Akatswiri ofukula zakale anapeza kuti anthu a m'dziko lino anayamba kusungunula chitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Pamene Antonio Gamitto, msilikali wa Chipwitikizi, ankayenda ulendo wochoka ku Tete kupita kwa Mwata Kazembe mu 1831, anadutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa n'kulemba za makasu awo, amene ankagulitsidwa mpaka m'midzi ya Apwitikizi ya m'mbali mwa Zambezi. Khasu silinali lolimira lokha. Linali chuma chogulira mchere ndi nsalu, cholipirira mlandu, chokatula kwa mfumu.

Mmene ntchitoyi inkayendera m'dera lino timaidziwa bwino kuchokera ku Kasungu, boma logundana ndi Mchinji. Zigumula za ng'anjo zikadalipo m'nkhalango ya Kasungu National Park, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ofufuza awiri, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery, anakhala pansi ndi madoda a kwa Chulu amene anaiona ntchitoyi ali anyamata, n'kuwapempha kuti amangenso ng'anjo ndi kuiyatsa. Inali ya dothi, yotalika kuposa munthu, yokhala ndi timapaipi ta dongo m'munsi mwake tolowetsa mpweya. Sinkafuna mvukuto, inkakoka yokha mphepo. Ankaidyetsa makala ochuluka zedi pamodzi ndi miyala yofiira yokumbidwa m'mphepete mwa madambo, miyala yosauka chitsulo moti fakitale ya masiku ano singaiyang'ane n'komwe. Chibuma chimene chinkatuluka ankachibwezera pa moto wa mvukuto, n'kuchisula ndi nyundo mpaka zinyalala zonse zitatha.

Ng'anjo inkamangidwa kutchire, kutali ndi mudzi. Amuna ogwira ntchitoyo ankadika, osagona m'nyumba ndi akazi awo, ndipo munthu wotentha sankaloledwa kuyandikira. Mkulu wa ntchito ankakwirira mankhwala pansi pa ng'anjo. Anthu a masiku ano angaziyese zikhulupiriro chabe, koma taonani chimene miyamboyi inkachita: ntchito ya chitsulo inali ndi mwini wake, inali ndi malamulo, ndipo ikalephereka panali wofunsidwa. Mnyamata sankangodzuka m'mawa n'kudzitcha wosula.

Angoni a Mpezeni atakhazikika m'dera lozungulira kumene lero kuli Chipata, nthambi zawo zinafika tsidya lino, kumene mpaka pano kuli mafumu Zulu ndi Mlonyeni. Nthungo ndi nkhwangwa zawo zambiri zinkatuluka pa zipala za anthu amene anawagonjetsa. Kumayambiriro kwa 1898 asilikali a Angerezi ochokera ku Nyasaland anathyola mphamvu za Mpezeni, n'kupha mwana wake Nsingu ndi kulanda ng'ombe zikwizikwi. Linga limene linamangidwa kuno linatchedwa Fort Manning, dzina la mkulu wa asilikali William Manning, amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Ndilo dzina limene boma la Mchinji linkadziwika nalo m'nthawi ya atsamunda.

Chimene chinazimitsa ng'anjo si mfuti ayi. Unali msonkho ndi sitolo. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, ndipo ndalama zinali ku Salisbury, ku Wankie, ku Joni ndi ku migodi ya kopa. Amuna amene akanadula mitengo ya makala anakwera malole. Nthawi yomweyo masitolo a Mandala ndi a Amwenye anadzaza makasu a ku fakitale za ku Ulaya, otsika mtengo kuposa khasu limene gulu la anthu lakhetsera thukuta kwa milungu. Pofika cha m'ma 1930 ng'anjo zomaliza za m'chigawo chapakati zinali zitazima.

Wosula yekha sanafe. Anangosintha kopeza chitsulo. Sipuling'i ya lole yothyoka inakhala nkhwangwa ndi sompho, chidutswa cha njanji chinakhala posulirapo, ndipo m'malo mwa mvukuto wa chikopa cha mbuzi ambiri anaika gudumu la njinga lozunguza kafani. Aliyense wodutsa pa msika wa Waliranji kapena wa Kapiri amaziona nkhwangwa zimenezi zitayalidwa pansi, ndipo mlimi wodziwa amasankha ya sipuling'i chifukwa sibuntha msanga.

Luso lolumikiza zitsulo ndi moto wa magetsi linabadwira kutali. Nikolai Benardos wa ku Russia analiyambitsa m'zaka za m'ma 1880, ndipo Oscar Kjellberg wa ku Sweden, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anapanga rodi yokutidwa ndi mankhwala, kholo la marodi amene amagulitsidwa lero m'mahadiweya onse. Kuno linafika kudzera m'magalaja a boma, a mishoni ndi a maesiteti, komanso m'manja mwa amuna obwerera kuchokera ku migodi. Ambiri a iwo anabwerera nthawi imodzi: ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita ku Joni, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira amuna zikwi makumimakumi anafika kumudzi. Inali nthawi yomweyo imene maesiteti a fodya ankatsegulidwa mothamanga ku Mchinji ndi ku Kasungu, ndi mathirakitala, mapulawo ndi ngolo zofuna kukonzedwa.

Njanji yochoka ku Lilongwe inafika ku Mchinji mu 1980 ndi thandizo la dziko la Canada. Inaima pamenepo zaka 30, mpaka mu 2010 pamene inalumikizidwa ndi Chipata. M'zaka zomwezo magetsi anayamba kukwawa kuchoka pa Boma kupita m'misika ya kumudzi. Kumene pholo la ESCOM lafika, zinthu zitatu zimatsatira posachedwa: chigayo, malo ometera, ndi shedi ya wowotcherera.

Ngati pali chinthu chimodzi chimene chinamanga ntchitoyi ku Mchinji, ndi ngolo. Dera lino ndi lachidikha, lili ndi ng'ombe, ndipo zokolola zake n'zolemera. Wowotcherera amatenga ekiselo ya galimoto yakufa pamodzi ndi malimu ake, amamanga felemu ya engo ayoni, kalipentala n'kudzakhoma matabwa. Ngolo yoteroyo imatuta manyowa, njerwa, chimanga, odwala opita ku chipatala ndi maliro omwe. Boma litalola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kunabweranso jeke wodindira mabelo. Kenaka makina oswera mtedza, mageti, mafelemu a mazenera, zitseko za magolosale, mabedi a ana a sukulu zogonera komweko. Kaliyala wa njinga ya kabaza, uja amaikapo kakhushoni ndi zopondera, nayenso ndi ntchito ya mmisiri yemweyu, chifukwa kaliyala wobwera ndi njinga sangapirire munthu wamkulu atanyamula thumba la feteleza.

Matola anakula mabasi atachepa. Kampani ya mabasi ya UTM inagulidwa ndi Stagecoach mu 1989, Stagecoach inasiyira Shire Bus Lines, ndipo nayo Shire inadzatseka. Misewu ya fumbi imene basi inkapitako kamodzi pa tsiku inatsalira mapikapu ndi timalole ta matani awiri kapena atatu. Apa ndi pamene wowotcherera, mosafunsidwa ndi mosakonzekera, anasanduka womanga zonyamulira anthu. Poyamba ntchito ya mtundu umenewu inali ya makampani ngati PEW ya ku Blantyre, imene inkamanga mabodi a mabasi motsatira zojambula za mainjiniya.

Kuti munthu amvetse kukula kwa udindo umenewu, ayenera kuoloka pa Mwami n'kuyenda makilomita pafupifupi 600 kukafika ku Lusaka. Kumeneko kuli anthu amene amakulungadi mapaipi pa galimoto ndi cholinga chimodzi chokha, chakuti munthu atuluke wamoyo ikagubuduzika. Zambia ndi dziko la mpikisano wa galimoto wa rally. Satwant Singh anakhala katswiri wa Africa yonse kasanu ndi katatu pakati pa 1988 ndi 2000. Muna Singh anapambana mu 2004 ndi 2005, mwana wake Jassy mu 2013, ndipo Leroy Gomes, mkazi wake Urshlla akumuwerengera njira, anatenga chikhocho mu 2022. Kumbuyo kwa mayina otchukawa kuli anthu wamba ochita masewerowa mwa chikondi chabe, amene amagula Subaru kapena Toyota yakale n'kumaikonza Loweruka ndi Lamlungu. Palibe mmodzi wa iwo amene amaloledwa kunyamuka popanda chimene amachitcha roll cage, khola la mapaipi lowotchereredwa m'kati mwa galimoto.

Nawo a mipikisano sanayambe ndi nzeru imeneyi. Safari Rally ya ku East Africa itayamba mu 1953, anthu ankathamangitsa galimoto wamba zongochoka m'sitolo. Chitsulo choteteza mutu chinakakamizidwa mu Formula One mu 1961, ndipo ku galimoto za denga lamuloli linafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Lamulo lililonse linalembedwa anthu atafa kale.

Malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya galimoto, pa khola lodzipangira ndi osavuta kumva, ndipo wowotcherera aliyense wa pa Kamwendo angawatsatire atamuwerengera. Paipi ikhale yopanda msoko, yokokedwa kozizira, ya chitsulo chosapitirira 0.3 peresenti ya kaboni. Uta waukulu, umene umadutsa kumbuyo kwa mitu ya dalaivala ndi mnzake, ukhale wa paipi imodzi yosalumikiza, ya mamilimita 45 kukula kwake ndi 2.5 kuchindikala, kapena 50 ndi 2.0. Mapaipi ena akhoza kukhala a 38 ndi 2.5, kapena 40 ndi 2.0. Popinda saotcha ndi moto, amapinda yozizira pa makina, ndipo gongolo lisathine kuposa katatu kukula kwa paipiyo, kuti isaphwatalale kapena kuchita makwinya. Miyendo yake, imene imakhala isanu ndi umodzi kapena kuposa, siima pa lata la pansi pa galimoto mwachindunji. Miyendo ikuluikulu imaponda pa puleti yochindikala mamilimita atatu, yotambalala masikweya sentimita 120, yowotchereredwa ku bodi. Popanda puletiyo, galimoto ikagwa chagada paipi imangoboola pansi n'kutulukira kunja, denga n'kutsikira pa anthu.

Ntchito yoika kholali ndi yotopetsa. Mipando, makapeti, nsalu ya kudenga ndi zonse zogwira moto zimachotsedwa. Mmisiri amayeza ndi kuyezanso, chifukwa paipi iyenera kutsata bodi mothinana kuti isadye malo a munthu. Nsonga ya paipi iliyonse amaisema kuti ikumbatire inzake popanda mpata woti n'kudzaza ndi rodi. Amayamba wagwiriza ndi timadontho, aone ngati zonse zakhala bwino. Ndiye pamabwera vuto limene limasiyanitsa mmisiri ndi wongoyerekeza: lamulo limati msoko uzungulire paipi yonse, pamene pamwamba pa mfundo zakudenga palibe mpata wolowetsa dzanja. Ena amaboola pansi pa galimoto kuti khola litsike pang'ono, awotcherere pamwambapo, kenaka alikweze n'kutseka maenjewo ndi mapuleti. Ena amachotsa denga lonse n'kudzalibwezera. Waulesi amasiya pamwambapo posawotcherera poganiza kuti palibe adzaone, koma oyendera galimoto mpikisano usanayambe amasuzumira ndi kagalasi ndi tochi.

Chinsinsi chachikulu chili pa mapaipi opingasa chamtanda. Mlimi wa fodya amachidziwa kale: chigafa cha mphanda zoongoka ndi mitanda yokha chimapendama mphepo ikaomba, koma chikachirikizidwa ndi mtengo wotsamira chimaima nji. Khola la galimoto ndi chimodzimodzi. Paipi yochoka pa ngodya ya pamwamba kupita pa ngodya ya pansi ya mbali ina ndiyo imaletsa uta kugona, ndipo mapaipi awiri otsamira chakumbuyo amauletsa kugwera kutsogolo.

Tikaika malamulowa pambali pa zitsulo za matola, kusiyana kumaoneka msanga, ndipo sikuli m'manja mwa mmisiri. Munthu amene amatha kulumikiza lata lopyapyala la mbaula ndi mashini opanda poonjezera kapena pochepetsera moto, magetsi akuphethiraphethira, ali ndi dzanja labwino. Kusiyana kuli pa chitsulo ndi pa cholinga. Chimene chimapezeka m'mahadiweya a ku Malangalanga ku Lilongwe kapena a ku Chipata kawirikawiri ndi sikweya chubu yopyapyala ya mazenera, engo ayoni, ndi paipi ya madzi yokhala ndi msoko m'litali mwake. Paipi ya madziyo, ikakhala yopakidwa zinki, imatulutsanso utsi umene umadwalitsa wowotcherera. Ndipo mwini galimoto akabwera sanena kuti akufuna choteteza anthu. Amati, "Amisiri, mundiikire zitsulo zoti ndizilongeza zambiri." Zimene amapatsidwa n'zomwezo: makona anayi oongoka, opanda chopingasa, ogwirizidwa pa mlomo wa bodi ndi mabawuti awiri kapena timisoko tating'ono. Zimasenza katundu bwino. Galimoto ikagudubuzika zimathyoka pa mfundo, ndipo nsonga zake zimalasa anthu omwe ankazigwira.

Ngakhale zitsulo zonyezimira zimene zimaikidwa kumbuyo kwa ma double cab a mabwana, zambiri ndi zokongoletsa chabe.

Pano pafunika kunena mosamala. Yankho si kuika khola la mpikisano m'galimoto iliyonse. Khola limateteza munthu womangidwa malamba a mapewa onse awiri, wovala helemeti, wokhala pa mpando wolimba. Kwa munthu wosamanga lamba, paipi yodutsa pafupi ndi mutu ndi chida chomuvulaza. Ndipo palibe chitsulo chimene chingapulumutse anthu makumi awiri oimirira kumbuyo kwa pikapu yothamanga. Lipoti la World Health Organization la 2018 linaika imfa za pamsewu m'Malawi pa anthu 31 mwa 100,000 alionse pa chaka, chiwerengero chimene chili m'gulu la zokwera kwambiri pa dziko lonse, ndipo gwero lake ndi liwiro, kulongeza mopyola muyezo, matayala akutha, mowa ndi misewu. Wowotcherera sangasenze mlandu wonsewo.

Koma pali mbali imene ili yake. Dziko la Sweden linalamula mu 1959 kuti thirakitala yatsopano iliyonse ikhale ndi chitsulo choteteza woyendetsa, ndipo imfa za alimi ophwanyidwa ndi thirakitala yogubuduzika zinatsika mpaka kutsala pang'ono kutheratu. M'maesiteti a ku Mchinji mukuyendabe mathirakitala akale opanda kanthu pamwamba pa dalaivala, akukoka ngolo zodzaza anthu aganyu. Ambulansi ya njinga, ngolo, kaliyala wa njinga yamoto, chitsulo cha kuseri kwa kabini chimene chimaletsa katundu kuphwanya okhala kutsogolo dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi, zonsezi zimatuluka m'shedi momwemo, ndipo zonse zikanalimba kwambiri ndi zinthu zitatu zimene a rally anaphunzira ndi magazi: chopingasa, puleti pansi pa mwendo, ndi msoko wozungulira paipi yonse. Puleti ya masikweya sentimita 120 ndi kachidutswa ka masentimita 10 mbali ina, 12 mbali inayo. Zidutswa zoterozo zimangogona pansi m'mashedi ambiri.

Chovuta n'chakuti nzeruyi ifike kumene ikufunika. Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999, sukulu za ntchito zamanja za m'madera zinayamba kutsegulidwa mu 2015, ndipo ku Lilongwe Technical College anthu amaphunzira kuwotcherera mpaka kulandira mapepala. Koma anyamata ambiri a m'misika ya ku Mchinji sanadutseko kumeneko. Anayamba ndi kugwirira bwana paipi, kugogoda makoko a msoko, kupenta, kutumidwa marodi, maso akutuluka misozi usiku wonse chifukwa choyang'ana moto ndi magalasi a dzuwa. Amadziwa zimene bwana wawo amadziwa, ndipo bwanayo analandira kwa wake. Ng'anjo inali ndi mkulu wokana ntchito yosalongosoka. Shedi ya lero ili ndi kasitomala wonenerera mtengo, magetsi othimathima, ndi jenereta yomwa petulo wodula. Ntchito imalipidwa pa chinthu chimene chatha, choncho rodi iliyonse yoonjezera imachoka m'thumba la mmisiri.

Chipata chatsopano cha Mwami ndi Mchinji, chimene Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegula mu December 2022, chimadutsitsa malole a simenti ndi zitsulo zomangira, zina zochokera ku fakitale ya ku Kafue. Paipi yopanda msoko ikhoza kudutsa pomwepo ngati pali woiitanitsa, ndipo woitanitsa adzapezeka pokhapokha oyendera galimoto popereka COF atayamba kugwedeza zitsulo za kumbuyo monga amayesera mabuleki ndi nyali, ndiponso maphunziro aafupi a TEVETA atamupeza bwana wa shedi pa Kamwendo, pa Mkanda ndi pa Kapiri, osati mnyamata wa satifiketi ya Fomu 4 yekha. Masiku awiri a chilimwe, fodya atagulitsidwa ndipo ngolo zisanayambe kubwera kudzakonzedwa, ndi okwanira kumuonetsa mmisiri wodziwa kale moto mmene mfundo yosemedwa bwino imasiyanirana ndi yodzazidwa ndi rodi, pozidula zonse ziwiri ndi galainda iye akuona.